Ndinathawitsa nkhuku, n'kutaya banja

Banja langa linatha chifukwa cha nkhuku, ndipo wolakwa ndinali ine. Ndikanena chonchi ena amayesa nthabwala, koma inu owerenga musafulumire kuseka. Ndinanamizira mkazi wanga kuti akundiphera ziweto ndi poizoni, chonsecho iye ankayesetsa kuzipulumutsa. Ndalemba izi kuti munthu wa mtima wokayikakayika ngati wanga aone kumene mtima wotere unandifikitsa.

Kwathu ndi kwa Jenala, koma ndinakwatira kufupi ndi Fort Lister, pampata wa phiri la Mulanje ndi la Michesi. Mwa mwambo wathu ndinakakhala kwawo kwa mkazi. Munda umene tinkalima unali wa mbumba yawo, malo amene ndinamangapo nyumba anali awo, ngakhale mango a pabwalo anabzala ndi agogo ake. Ndisaname, palibe amene anandinyozapo poyera. Koma mumtima ndinkangodziona ngati mlendo, ndipo chinthu chokha chimene ndinkachitchula kuti changa chinali nkhuku. Ndinayamba ndi mathadzi awiri amene anandipatsa mayi anga, n'kuswana mpaka khola kuchepa. M'mawa uliwonse ndinkamwaza madeya pabwalo, n'kuthira madzi m'chigubu chodula, kenaka n'kuima poteropo manja m'thumba kuti odutsa aone kuti mkamwini nayenso ali ndi kanthu. Njiwa za kuphiri zinkatera kudzadya ndi kumwa limodzi ndi nkhukuzo, ine n'kumanyadira kuti pakhomo panga pali madalitso.

Nyumba yoyandikana ndi yathu inali ya alamu anga, a Dayitoni, achimwene ake a mkazi wanga, amenenso anali mwini mbumba. Iwo anali ndi dimba la tomato ndi mpiru kumunsi, ndipo nkhuku zanga zinkalowamo n'kufukula mbewu. Anandidandaulira mwaulemu kangapo. Ine ndinkayankha kuti ndamva, koma mkati ndinkati nkhani si mpiru ayi, akuwawidwa mtima chifukwa nkhuku zanga zaposa zawo. Chimenecho ndinachisunga, ndipo chinkakula tsiku ndi tsiku popanda aliyense kudziwa.

Chaka chimene ndikunenachi kunazizira koopsa. Amene mukudziwa chiperoni cha pampata paja mundimvetsa. Mphepo imaomba ngati wina wasiya chitseko chosatseka, nkhungu n'kumakuta mpaka dzuwa litakwera. Ndinagulitsa atambala angapo pa Boma n'kugula zovala za mphepo pa kaunjika. Ana ndinawagulira majuzi ndi zipewa, mayi awo n'kuwapezera jekete lofiira, lochindikala, lokhala ndi chipewa chake kumsana. Analikonda kwambiri, ndipo pamudzi ponse panalibe wina wa jekete la mtundu umenewo.

M'mwezi wa Juni anthu anayamba kutola njiwa zakufa m'minda ndi m'mbali mwa mtsinje. Zina zinkapezeka zitangokhala pansi, khosi lili lopindika, osathawa ngakhale munthu ayandikire. Kutchire kunamvekanso za nkhwali. Tsiku lina a Dayitoni anandipeza ndikumwaza madeya, n'kunena kuti, “Alamu, mbalame zikufazi si zabwino. Tatsekerani nkhukuzi, madzi aziikidwa mkati, ndipo tiitane wa katemera uja wodontheza m'maso zisanayambe kudwala.”

Inu owerenga, mawu amenewa analibe choipa chilichonse. Koma makutu anga anamva zina. Ndinamva kuti akufuna nkhuku zanga zikhale m'ndende kuti mpiru wawo ukule bwino, ndipo za katemerazo ndinali nditamvapo kwa anthu kumowa kuti ndiye amabweretsa matenda. Ndinawayankha kuti nkhuku zanga ndimazidziwa ndekha. Madzulo ake mkazi wanga atayesa kubwereza nkhani yomweyo ndinamudula pakamwa. Ndinamuuza kuti ndikadzamvanso za njiwa m'nyumba muno tidzayambana, ndipo asankhe ngati anakwatiwa ndi ine kapena ndi achimwene ake.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuona zinthu. Ndikamabwera kumunda ndinkawapeza awiriwo akunong'onezana kuseri kwa nkhokwe, akandiona n'kusintha nkhani. Mkazi wanga, amene kale ankadikira kuti kunja kufundeko, anayamba kulawirira kutuluka ine ndisanadzuke. Ndikamufunsa ankati amakasesa. Kusesa kwanji m'chisanu chotere? Ndinayamba kudzinamiza kuti ndili mtulo kuti ndione.

M'mawa wina atatuluka ndinasuzumira pazenera. Kunali nkhungu yoti ngakhale mtengo wa mango sunkaoneka bwino, koma jekete lofiira lija linkaoneka. Ndinamuona atawerama pafupi ndi khola, akutola kanthu n'kukulunga m'pepala la pulasitiki. Kenaka anapita pachigubu cha madzi a nkhuku, n'kutapa zinthu zotuwa m'kachitini, n'kuthiramo. Atazungulira kuseri kwa chimbudzi ndi kaphukusi kake, ine ndinabwerera pamphasa. Sindinamufunse kanthu. Ndinadziuza kuti munthu wochenjera amayamba wasonkhanitsa umboni, ndipo ndinkadziona wochenjera kwambiri.

Sipanapite nthawi, nkhuku zinayamba kudwala. Yoyamba inali tambala wanga wamkulu, amene anangoima pakona mapiko ali pansi ngati wavala chikhoto, akuwodzera masanasana. Mawa lake anafa. Zinatsatira nkhuku za misoti, zikutulutsa zitosi zobiriwira, zina zikupuma mobanika, zina khosi litatembenukira kumwamba. Anapiye ankangogwa. Chitopa ndinkachidziwa, ndinakula ndikuchiona kwathu, ndipo zikanakhala kuti mutu ukugwira ndikanachizindikira. Koma ine ndinali nditaona kale dzanja likuthira zinthu m'madzi, choncho nkhuku iliyonse imene inkafa inkangonditsimikizira zimene ndinkafuna kukhulupirira. Nkhuku za alamu anga, zimene anali atazitemera n'kuzitsekera, sizinkafa. Kwa ine umenewo unali umboni womaliza.

Ndinaphulika m'mawa wa Loweruka, abale a mkazi wanga ali pabwalo akuothera dzuwa, ana athu ali pomwepo. Ndinatenga nkhuku yakufa n'kuiponya pamapazi pake. Ndinanena mokweza kuti ndinamuona ndi maso angawa akuthira mankhwala a makoswe m'chigubu, kuti anapangana ndi achimwene ake kuti andisaukitse kenaka andionetse msana wa njira. Ndinanena zambiri zimene sindingazilembe pano. Pomaliza ndinamuuza kuti avule jekete limene ndinagula ndi nkhuku zomwe akuphazo. Analivula pamaso pa anthu, n'kulipinda bwinobwino, n'kundipatsa, iye n'kutsala ndi kabulauzi kopyapyala m'mphepo ija. Ananena mawu ochepa chabe, motsitsa: “Linali phulusa lija, bambo a Tadala. Ndimatsukira chigubu.” Ine ndinaseka mwachipongwe.

Kwathu kuno munthu akaona kuti nkhuku zikutha amazithawitsira kwa abale kumudzi wina. Ndi zimene ndinachita. Ndinagwira zonse zimene zinkaoneka zamphamvu, n'kuzilonga m'dengu lalikulu, n'kufunditsa jekete lija pamwamba kuti zisapitidwe mphepo, n'kumanga pakaliyala wa njinga. Nditati ndizinyamuka, a Dayitoni anagwira njinga kumbuyo. Anati, “Alamu, nditukwaneni ine mmene mungathere, koma nkhukuzi musapite nazo kwa amayi. Mukatha mudzi wonse.” Ndinachotsa dzanja lawo. Ndinkati akudandaula kuti zatsalazi zawapulumuka.

Ndinapalasa kudutsa pa Boma mpaka kwa Jenala. Mayi anga anandilandira, n'kumvetsera nkhani yanga yonse akupukusa mutu, koma sanandiikire kumbuyo ndipo sananditsutse. Nkhukuzo tinazimasulira pabwalo, n'kusakanikirana ndi zawo. Mayi ndi wamasiye, ndipo nkhuku zawo ndi zimene zinkawagulira mchere, sopo ndi zina zapakhomo. Ndinawauza kuti asadandaule, kuno kulibe adani, zichira.

Sabata isanathe, zanga zonse zinali zitapita. Kenaka zinayamba za mayi, mofanana ndendende, mapiko pansi, khosi kupindika. Zitachoka apo zinalowa kwa oyandikana nawo, mpaka tsidya la msewu. M'mudzi munati zii, m'mawa osamvekanso tambala.

Mukuganiza kuti pamenepa ndinatseguka maso? Ayi ndithu. Ndinayamba kuuza anthu kuti akuchikazi anditsatira ndi mankhwala achikuda. Ndi mmene kukayikira kumachitira, kukatsekeredwa uku kumaboola kwina. Amene anandiimitsa ndi mayi anga. Tikukwirira thadzi lawo lomaliza, lomwe linali likufungatira, anandiyang'ana n'kunena kuti, “Iwe, mkazi wako ali ku Fort Lister. Madzi a nkhuku zanga ndimathira ndekha. Chimene chabwera pakhomo pano kuchokera kumeneko ndi dengu lako lija basi.”

Masiku omwewo kunabwera alangizi a ziweto, anthu atakadandaula. Anaona nkhuku zodwala n'kunena kuti ndi chitopa. Anafotokoza kuti mbalame zakutchire monga njiwa zimatha kudwala matendawa n'kuwasiya m'madzi ndi m'chakudya cha nkhuku, kuti nkhuku yooneka yamphamvu imakhala itatenga kale, ndipo amayenda ngakhale pa madengu ndi zovala. Anati akalowa alibe mankhwala, chothandiza ndi katemera zisanadwale, kukwirira zakufa ndi kusayenda nazo. Atafunsa ngati pali amene anabweretsa nkhuku kuchokera kwina, mitu yonse inatembenukira kwa ine. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindingawafotokoze. Mayi anga mpaka lero pali anthu amene amawapatsa moni wa pamwamba chifukwa cha ine.

Ndinatenga ankhoswe n'kubwerera kukapepesa. Kumeneko ndi kumene ndinamva zonse. Kanthu kamene mkazi wanga ankatola m'mawa uja zinali njiwa zofera pafupi ndi khola, ndipo ankakazikwirira kuseri kuti nkhuku zisazijomphe. Chigubu ankachitsuka ndi phulusa n'kuthiramo madzi atsopano. Ankachita mobisa chifukwa ine ndemwe ndinaletsa nkhani ya njiwa m'nyumba. Zonong'onezana zija ankakambirana ngati angaitane wa katemera ine ndili kumunda, koma anaopa kuti ndikadziwa kukhala nkhondo. Munthu ankadzuka m'chisanu choboola mafupa kuti ateteze chuma changa, ine ndili pazenera ndikumuwerengera milandu.

Ndinagwada. A Dayitoni, amene ndinawanyoza kwambiri, ndi amene anayamba kundipepesera, n'kumuuza mlongo wawo kuti munthu amalakwa, aganizire ana. Iye anamvetsera onse mpaka atatha. Kenaka anati, “Ndakukhululukirani, bambo a Tadala, ndipo ana ndi anu, muzibwera kudzawaona. Koma munanena pamaso pawo kuti ndimathira poizoni. Ulendo uno zinali nkhuku. Tsiku lina mukadzadwala m'mimba mutadya chakudya changa, mudzati ndani?” Ankhoswe anayesa uku ndi uku, koma sanasunthe. Ine ndinkadziwa kuti funso lakelo linali loona.

Inu owerenga, makamaka alimi anzanga, mukaona mbalame zakutchire zikufa, tsekerani nkhuku zanu, musazisiye zizimwera limodzi, ndipo katemera musamuope monga ndinachitira ine. Zikayamba kudwala musazithawitsire kwa abale, mukangowapititsira tsoka. Koma chachikulu chimene ndikukupemphani ndi ichi: mukaona chinthu chokukayikitsani m'nyumba mwanu, funsani tsiku lomwelo. Ndikanangotsegula chitseko m'mawa uja n'kufunsa kuti mukuthira chiyani, akanandionetsa kachitini ka phulusa, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinasankha kubisala n'kumazonda, ndipo munthu wozonda amapeza chilichonse chimene akufuna kupeza. Akamwini anzanga, si langizo lililonse la akuchikazi limene lili msampha.

Papita zaka tsopano. Ndimakhala kwa Jenala, ndipo nkhuku ndinayambanso kuweta, zotemera. Mayi a ana anga sanakwatiwenso, ndipo ndikapita kukaona ana amandilandira mwaulemu, kundiyalira mphasa, kufunsa za mayi anga. Koma chiyambire tsiku lija sanandiphikirepo. Chakudya changa amaphika mwana wathu wamkazi, mayi ake atakhala patali pamene aliyense akuwaona manja. Ngakhale madzi akumwa ndikapempha, amaitana mwana kuti akanditungire.