Ampu Yopepuka ya a Mabingu

Makilogalamu makumi atatu ndi awiri. Umu ndi mmene ampu ya a Mabingu, bokosi lokweza mawu a gitala yawo, inkalemerera ataiyeza pa sikelo ya wogulitsa misomali, yemwe sitolo yake inayandikana ndi khonde limene iwo ankasokerapo. Dokotala anali atanena asanu, osapitirira. Kuchotsa asanu pa makumi atatu ndi awiri, panatsala makilo 27 amene a Mabingu sankadziwa kowataya.

Mkati mwa sabata anali telala. Loweruka anali woimba gitala ya besi. Dzina la Mabingu anawapatsa ndi anthu ovina, chifukwa akangokhudza chingwe chonenepa cha gitala yawo, mabotolo pa matebulo ankayamba kuyenda okha. Zaka makumi awiri ndi ziwiri anaimba m'bandi imodzi yomweyo, ya alamu awo, achimwene a akazi awo, amene ankaimba kiyibodi. Masuti ndiwo ankadyetsa banja, koma munthu akawafunsa ntchito yawo ankayamba kutchula besi, utelala n'kubwera pambuyo.

Sipika yaikulu inali ya bandi, yamateyala kunsi, ndipo pa masitepe ankaitenga anthu awiri. Koma ampu yokhala pamwamba pa sipikayo, imene oimba amangoitcha mutu, inali yawoyawo, ndipo lamulo la bandi linali loti chako unyamule wekha kuchoka m'galimoto mpaka pa siteji. Silinali lamulo loseweretsa. Zaka zinayi m'mbuyomo, wa gitala wakale phewa litamukana, anapumitsidwa. Amene anatumidwa kukamuuza anali a Mabingu. Anakanena mwaulemu, chipewa chili m'manja, ndipo pobwerera anaima pa sitolo n'kugula ulusi ngati palibe chachitika.

Mwendo unawayamba pa masitepe a holo ina yam'mwamba. Pa sitepe yakhumi ndi chinayi, ampu ili pachifuwa, mwendo wakumanzere unangozima. Sunapweteke ayi. Unangosowa, ngati ndi wa munthu wina. Anatsamira khoma, thukuta lili kamukamu, akuona masitepe onse a m'munsimo ndi mmene akanagubuduzikira.

"Tiyeni akulu," anatero wa ng'oma ali kumbuyo kwawo. "Kapena mukuwerenga masitepe?"

Anaseka nawo. Mwendo unabwerera pang'onopang'ono ngati munthu wochita manyazi. Koma dokotala, atayang'ana chithunzi cha msana, sanaseke. Analoza ndi cholembera pamene mafupa awiri anapana mtsempha, n'kunena kuti akapitiriza kunyamula zolemera, tsiku lina mwendowo sudzabwerera. Mwina yonse iwiri.

"Ndiwauza achimwene," anatero akazi awo atamva.

"Amayi, chonde. Mukawauza lero, mawa gitala ndiipachika pakhoma."

"Bola gitala pakhoma kusiyana ndi inu pa njinga ya olumala."

A Mabingu ankaganiza za bambo wina wa besi wa ku tchalitchi chapafupi, wamikono ngati woumba njerwa, amene masiku amenewo ankabwera ku pulakitisi osaitanidwa, n'kukhala pakona akuyang'ana zala za a Mabingu.

Lachiwiri m'mawa anatseka makina osokera n'kupita ku sitolo ya zoimbira. Mwini wake anali mayi wachangu, woyankhula ngati akuthamangitsidwa. Atamva kuti akufuna mutu wa besi wosapitirira makilo asanu, sanafunse chifukwa. Anangotsitsa itatu n'kuindandalika pa kauntala.

"Aka kilo imodzi, mphamvu yake mawatsi mazana awiri. Wa ng'oma wanu amamenya bwanji?"

"Ngati akupha njoka."

"Ndiye kasiyeni, sikamveka. Iyi makilo anayi, mawatsi mazana asanu ndi atatu. Sipika yanu kumbuyo kwake analembako chiyani?"

"Mazana asanu ndi limodzi. Ndi kanambala kena, folo."

"Iyinso isiyeni. Tsiku lina mudzasangalala, mudzakweza, sipika ya eni ake idzang'ambika. Tengani kapakatika. Makilo awiri ndi theka, ndipo pa sipika ya folo kakupatsani mawatsi ake onse mazana asanu. Ikanakhala ya eyiti kakanakupatsani ochepa."

A Mabingu anakanyamula ndi dzanja limodzi, mtima n'kugwa. Kanali ngati kabokosi kotengera chakudya ku ntchito.

"Mulibe kanthu umu, mayi."

"Nonse mumatero. Azibambo mumagula ampu ngati nkhuku, kuyeza ndi dzanja. Lumikizani gitala mumve."

Analumikiza. Atakhudza chingwe chonenepa chija, galasi la kauntala linanjenjemera, ndipo munthu wodutsa panja anacheuka. Apa ndi pamene mantha anakula, chifukwa kanthuko kankagwiradi ntchito ndipo panalibenso chonamizira. Chimene chinatsala chinali nkhope ya alamu. Alamu ankati maampu opepukawa ndi zidole za ana a sukulu. Akakaona kameneka pamwamba pa sipika, funso loyamba likakhala loti yakale ija yatani. Lachiwiri likakhala loti kapena mwatani ndinu.

"Chinthu chimodzi," anatero mayi uja akukakulunga. "Kali ndi fani mkati, kamapumira m'timabowo ta m'mbalitu. Muzikasiyira mpata."

A Mabingu anagwedeza mutu. Maganizo awo anali kale kunyumba, pa bokosi la ampu yakale.

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, anakhala pansi ndi sikuludilaiva n'kutsegula bokosilo kumbuyo. Munali zitsulo ziwiri zikuluzikulu zokulungidwa mawaya, ndipo kulemera konse kunali mmenemo. Anamasula, akazi awo n'kuzikokera kuseri kwa chitseko pa chiguduli. Kumaso kwa bokosi anasiya mmene kunalili, timabatani tonse tili m'malo mwake ngakhale tinali titafa. Kaampu katsopano anakalowetsa mkati, mawaya n'kuwatulutsira pa kabowo kakumbuyo. Pa sikelo ya wamisomali zonse pamodzi zinakwana makilo asanu ndi theka. Theka lowonjezeralo anadzikhululukira okha.

Vuto linali limodzi: kankagwedera. Ukapendeketsa bokosi, kankamveka gubudu, ndipo aliyense akanadziwa kuti mkatimo muli mphako. Telala sasowa chochita ndi chinthu chogwedera. Anatenga nsanza zotsala pa masuti, ndi siponji ya m'mapewa a majekete, n'kuzipanikiza mbali zonse, pamwamba ndi pansi, mwaluso ngati akuika layini ya suti ya mkwati. Atagwedezanso, zii.

"Mwakaveka jekete," anatero akazi awo.

Anakayesa mphindi zisanu, motsitsa, kuopa aneba. Kanaimba bwinobwino. Kenako anayamba kuphunzira kunyamula bokosi lopepuka ngati lolemera: kuwerama, kukunga nkhope, kuyenda mokhwekhwereza mapazi kuchoka pakhomo mpaka pa tebulo.

"Mukubuula mopitirira, abambo. Kale simunkabuula choncho."

"Ndinkatani?"

"Munkangoluma mano."

Loweruka linafika ndi dzuwa loswa mtengo. Ukwati unali masana, m'holo yofolera malata, mazenera ake aang'ono. A Mabingu anatsika m'galimoto msanga n'kukumbatira bokosi lawo wina asanalikhudze. Analuma mano mpaka pa siteji. Wa ng'oma atatambasula dzanja kuti alisunthe pang'ono, iwo anatchinga ndi thupi lonse.

"Lisiyeni, ndaliika kale bwino."

"Lero muli ndi nsanje ngati ndi mkazi wachiwiri," anatero wa ng'oma.

Nyimbo zoyamba zinayenda kuposa kale lonse. Besi inkatuluka yoyera, yodzaza, ndipo pa nyimbo yachitatu alamu anacheuka pa kiyibodi n'kukweza nsidze, chimene kwa iwo chinali chiyamiko chachikulu. A Mabingu anayamba kupuma. Wotchi yapakhoma inaonetsa kuti apyola mphindi makumi anayi.

Fungo ndi limene linayamba kuwapeza. Wina aliyense akanati ndi fumbi kapena kutentha kwa malata, koma telala amalidziwa fungo limenelo ngakhale ali m'tulo: nsalu imene simbi yakhalitsapo. Linkachokera kumbuyo kwawo. Mawu a mayi wa ku sitolo anabwera onse pamodzi, ndi timabowo tija, ndi siponji imene anaipanikiza ndi chala chachikulu pamalo pomwepo. Koma akwati anali atayamba kulowa, akuvina pang'onopang'ono pakati pa mipando, operekeza ali pambuyo, ndipo nyimbo ya akwati siimitsidwa. Anapitiriza kuimba akuwerenga mumtima mapazi amene anatsala kuti akwati afike kutsogolo. Makumi awiri. Khumi ndi asanu. Ankakhudza zingwe mopepuka, ngati kuteroko kungakaziziritse.

Patatsala mapazi asanu ndi limodzi, besi inazima.

Zala zinapitiriza zokha, koma panalibe chotuluka. Nyimbo inakhala ngati nyumba yochotsedwa pansi. Operekeza anasokonezana mapazi, mkwatibwi anacheukira ku siteji, ndipo anthu ambirimbiri anatsatira maso ake. Alamu anatsitsa dzanja lamanzere pa kiyibodi n'kutseka mpatawo mpaka nyimbo inatha, koma maso awo sanachoke pa a Mabingu.

Zolankhula zitayamba, alamu anadzuka n'kubwera.

"Ndi fyuzi imeneyo. Ndinakuuzani kalekale kuti muzisintha. Patukani."

"Alamu, dikirani, ndiona ndekha."

Anali atachedwa. Alamu anagwira zogwirira zonse ziwiri, anatambalalitsa miyendo monga amachitira munthu wodziwa kulemera kwa chinthu, n'kukoka ndi mphamvu zonse. Bokosi linauluka mpaka linawagunda pachibwano. Anabwerera chafutambuyo mapazi atatu n'kukakhala pa ng'oma yaikulu, mbale zachitsulo za wa ng'oma n'kulira holo yonse. Amene ankalankhula anaima kaye, n'kupitiriza.

Alamu anaika bokosi pansi kuseri kwa sipika, anapempha mpeni kwa wa ng'oma n'kumasula kumbuyo. Anasolola nsanza yakuda. Kenako yotuwa yamizeremizere. Kenako siponji yofunda ngati yochokera pamoto.

"Suti ya ndani iyi, alamu?"

Mkati kaampu kankaphethira kanyali kofiira. Wa ng'oma anasuzumira n'kugwira pakamwa. A Mabingu anamva mwendo wakumanzere ukunjenjemera, ndipo sanadziwe ngati ndi mantha chabe kapena ndi tsiku lija ananena dokotala. Anagwira m'mphepete mwa sipika. Ananena zonse motsitsa, maso ali pa nsanza: masitepe aja, chithunzi cha msana, makilo asanu.

"Mlongo wanga akudziwa?"

"Akudziwa."

"Ndiye m'nyumba monse mwakhala mukundiseka."

"Sitinaseke, alamu. Olo tsiku limodzi."

Alamu anatulutsa kaampuko atakulunga dzanja ndi mpango, n'kukaika poyera pamwamba pa sipika. Wa ng'oma anatola katoni n'kuyamba kukakupiza ngati wodwala wokomoka. Bambo a mkwati ankathokoza alendo mmodzimmodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba pa moyo wawo a Mabingu anapemphera kuti wolankhula asafulumire. Mphindi zisanu, kanyali kali kofiira. Zisanu ndi zitatu. A Mabingu anazimitsa n'kuyatsanso, chala chikuterera pa batani. Kofiira. Pa mphindi khumi ndi ziwiri, anthu akuwomba m'manja, kanasanduka kobiriwira, fani n'kumveka ikuzungulira.

Anamaliza ukwati wonse kali pamtunda, aliyense akukaona. A Mabingu ankaimba atatembenukira chammbali, diso limodzi pa kanyali, ndipo sanamve nyimbo ngakhale imodzi mwa zimene anaimba.

Popakira katundu alamu sanawayang'ane. Anamanga zingwe, anatseka chitseko cha galimoto, kenako anaima atagwira chibwano chimene chinali chitayamba kutupa.

"Za mwendo tikambirana kunyumba, mlongo wanga ali pomwepo. Za bandi ndi izi. Loweruka likubwerali holo ndi yaikulu, anthu mazana anayi, maola atatu. Chidole chanucho chikazimanso, ine sindifunsa chifukwa. Ndiitana wa ku tchalitchi uja."

"Sichizima."

"Mwadziwa bwanji?"

A Mabingu sankadziwa. Sankadziwanso ngati kutentha kuja sikunapsereze kanthu mkatimo. Lolemba m'mawa, asanatsegule makina, akapita nako kwa mayi wa ku sitolo kuti akakaone, ndipo akamuuza zoona za nsanza zija. Lachitatu akapempha kiyi wa galaja ya alamu, akalumikiza ku sipika yaikulu, n'kuimba mokweza maola atatu osapumira, wotchi ili patsogolo.