Timipila ta m'botolo la atate

Atate anga, a Wiseman Daka, anagwila nchito zaka khumi ndi zinayi m'labu ya sukulu ina ya sekondale ku Petauke. Sanali mphunzitsi. Nchito yao inali kutsuka mabotolo ndi kukonzela aphunzitsi a sayansi zipangizo. Koma mabuku onse a m'kabati ya m'labumo anawawelenga, ena kawili. Ine ndine Keziah, mwana wao woyamba. Ndikulemba izi mwana wanga ali kumsana, chifukwa kuno ku Ndake anthu amangowadziwa ngati mdala wa thonje wosakonda kulankhula, ndipo ena amawanong'onabe kuti ndi mfiti.

Mu 1977, chaka chimene ndinalemba mayeso a Giledi 7, mphunzitsi wina wa ku Indiya anabwelela kwao n'kusiya timabotolo ta ufa woyela. Atate anati ufawo ndi tizidutswa timene timamanga mnofu wa thupi. Anali atawelenga kuti ukautenthetsa wouma mpaka ukhale ngati ulimbo, n'kuthilamo madzi otentha a mchele, pozizila pamatuluka timipila ting'onoting'ono. Anayesa katatu osatheka. Kachinayi zinatheka.

Masana amenewo ndinawapelekela mbatata, ndipo anandiimika pa maikulosikopu, galasi loonela tinthu tosaoneka ndi maso. Ndinaona timipila tambili tozungulila bwino, kalikonse ndi kakhungu kake. Tina tinali titatupa kachithuza pambali.

"Tili moyo, atate? Onani, tikubala!"

"Tikungothothoka, mwanawe," anatelo. "Nkhuku ikaswa, anapiye amatengela make. Iti tilibe chopatsila ana. Sitimva njala, sitithawa moto. Anthu ophunzila ena amati moyo unayamba ndi tinthu totele, ena amakana. Akali kukangana. Ine ndimati ndi nyumba yomangidwa bwino koma mwini wake sanalowemo."

Mailo lake anaonetsa ana a Fomu 4. Anawo anapita kumsika n'kukalengeza kuti a Daka alenga moyo m'botolo.

Pasanathe sabata kunafika amai Rosemary, mkazi wa tcheyamani wa Chipani m'dela lathu. Anali atakhala pabanja zaka zisanu ndi chimodzi opanda mwana. Anagwada pakhomo pathu atagwila kabotolo.

"Bambo Daka, ndigawileniko madzi aja ndimwe."

"Amai, mulibe moyo mmenemo. Mungodwala nawo m'mimba."

"Ana a sukulu aona okha tikubala. Mundimana chifukwa ninji?"

Anawafotokozela mofatsa, koma amaiwo anachoka akulila. Ine sindiwada. Tsopano ndili ndi mwana, ndidziwa chimene anafuna.

Amuna ao ndiwo anakwiya. Anapita kwa ahedi a sukuluyo pamodzi ndi a Amon Njobvu, mkulu wa mpingo wathu, nati wotsuka mabotolo akusokoneza mtendele. Ahedi sanafune milandu ndi Chipani. Anauza atate kuti Lolemba aime pamaso pa sukulu yonse, anene kuti m'botolo munali litsilo chabe. Akatelo, nchito ndi nyumba ya sukulu zikhala zao.

Sabata imeneyo ndi imene kalata yanga inafika: ndinapasa, ndinasankhidwa kupita ku Fomu 1.

"A Daka, nenani chabe kuti ndi litsilo," amama anawachondelela. "Timipila tanuto tidzakwiya? Mwanena nokha kuti tilibe moyo. Uyu ali nawo." Analoza ine.

"Si litsilo," atate anayankha. Sanandiyang'ane.

Lolemba ndinaima kuseli kwa mpanda n'kumva zonse. A Njobvu anati, "Bambo, yankhani chimodzi. Mwalenga zamoyo kapena mwanamiza ana?"

"Sindinalenge kanthu, ndipo sindinaname. Timipila tilipo. Tifanana ndi zamoyo koma si zamoyo. Galasi ili pano, bwelani muone nokha."

"Mwamva?" tcheyamani anaseka. "Wotsuka mabotolo wasanduka pulofesa! Tidikile, mailo atiumbila ng'ombe."

Ana anaseka naye. Palibe mkulu ngakhale mmodzi amene anawelama kuyang'ana m'galasi. Ahedi, amene anali ndi digili ya sayansi, anangoyang'ana nsapato zao.

Kalata yochotsedwa nchito inati anagwilitsa nchito mankhwala a sukulu popanda chilolezo. Kuchalichi anawaletsa mgonelo. Tinakwela lole kubwela ku Ndake, kwao kwa amama, kudzalima thonje. Ndalama zonditumizila ku sekondale panalibenso. Kalata yanga ya Fomu 1 ikali pansi pa sutikesi, njenjete zadya pakona. Ndinakwatiwa ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwili.

Mwezi watha mlamu wanga Consolata, amene ali Fomu 4, anabwela ku holide ndi buku lake la sayansi. Nditalitsegula ndinapeza chithunzi cha timipila tomwe tija, ndi tizithuza take pambali. Ndinamupempha andimasulile Chingelezi cha pansi pake. Bukulo likuti tifanana ndi zamoyo, koma tilibe chopatsila ana, choncho ambili satiyesa zamoyo. Akuti funso limeneli limabwela pa mayeso.

Ndinanyamula bukulo kupita nalo kumunda. Atate anapukuta manja pa buluku, nayang'ana nthawi yaitali.

"Ajambula bwino," anatelo. "Tanga tinali tokulilapo pang'ono."

Anandibwezela buku n'kuwelamanso kutola thonje. Ndinadikila kuti mwina anena kanthu za ine. Sananene.

Tcheyamani uja akali tcheyamani. Ahedi anakwezedwa. Atate ananena zoona, ndipo ndidzauza mwana wanga kuti agogo ake sananame. Koma akadzandifunsa chifukwa chake Consolata amachita kundiwelengela buku, sindidziwa ngati ndidzatchula tcheyamani, kapena atate amene anakana kunena liu limodzi lija, lakuti litsilo, kuti ine ndiphunzile.