Diso Loima Kumwamba ndi Thunthu la Nthochi

Ine ndikayankhula padoko, mawu amakamveka kumsewu wa tala. Funsani aliyense wa ku Benga. Kulemba kokha ndiye kumandigwira dzanja, poti sukulu ya mishoni ndinailawa zaka ziwiri basi. Koma izi ndilemba ndekha, ngakhale zinditengere mwezi.

Anandionetsa chinthucho pafoni ndi mwana wanga wamkazi, yemwe ndi mphunzitsi. Chinali chichitsulo chachitali kuposa mgwalangwa, atachiimika pabwalo kudziko la azungu. Kenaka moto kunsi kwake, utsi tolo! Chija n'kunyamuka pang'onopang'ono ngati nkhalamba yodzuka pamphasa, posakhalitsa osaonekanso.

"Chikupita kuti?" ndinafunsa.

"Chanyamula setilaiti, Ababa, makina ojambula dziko. Chikaisiya kutali kwambiri, komwe izizungulira pa liwiro limodzi ndi dziko lathuli. Ndiye kwa ife izikhala ngati yangoima pamodzimodzi, kuyang'ana pansi osaphethira. A zanyengo azionera pomwepo mitambo ndi mphepo."

"Ngati kambalame kaja kamaima m'malere kakamadikira usipa?"

"Eya, koma iyo sitsika."

M'mawa mwake doko lonse linamva. Anzanga a pabawo anandiseka. Wina anati, "Ndiye ntchito yakutheranitu, akulu. Adzafunsanso ndani bondo lanu lija?" Pajatu kwa zaka zambiri asodzi ankafunsa ine asanakankhe bwato, ndipo bondo langa lakumanzere linkandiuza za mphepo. Ndinawayankha kuti, "Iyo ione mitambo yake. Mwera ndi wanga, ndinakula nawo."

Nyengo yozizira itafika, wailesi inalengeza Lachiwiri lina m'mawa kuti kubwera mwera wamphamvu, asodzi asalowe m'nyanja. Mwana wanga wamwamuna anali ndi maukonde amene anagona m'madzi masiku awiri, nsomba zikanaolera momwemo. Anabwera nkhafi ili m'manja.

"Ababa, ndipite?"

Ndinayang'ana kummwera. Ndinasisita bondo. Anthu anali akundiyang'ana, a pabawo aja ali pomwepo.

"Pita! Mwera umenewu ufika dzuwa litapendeka. Kavuule ubwereko."

Ndinanena mokweza kuti aliyense amve, ndipo anamvadi. Mwera unafika dzuwa lisanayandikire n'komwe paliwombo.

Utaleka, maboti a injini anasaka masiku atatu. Anapeza nkhafi yokha chakumpoto, ndinaizindikira chifukwa ndinasema ndine. Tsiku lachisanu anabwera mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga. Kwathu kuno mwana ndi wa malume, bambo umangobereka. Anakhala pansi n'kunena modekha.

"Alamu, mukudziwa mwambo. Munthu akapanda kupezeka timaika thunthu la nthochi m'malo mwake. Lolani mayi ake alire, mkazi wakenso adziwe pomwe waima."

Ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. "Palibe adule nthochi pano! Lilipo diso lomwe linaona komwe bwato linalowera. Mwina ali kutsidya, akudya kwa anthu!"

"Chabwino, alamu. Mawa ndi lanu. Mkuja tikumba."

Mwana wanga wamkazi anayesa kundigwira mkono. "Ababa, sizikhala choncho." Ndinamukalipira kuti anandiuza yekha kuti setilaitiyo siphethira.

Ndinavala jekete ya kutchalitchi n'kukwera minibasi ya kuboma. Ndinalowa maofesi atatu ndikufunsa odziwa zanyengo, mpaka anandilozera kwa mayi wina wachitsikana wokhala pakompyuta. Anandipatsa mpando, ine ndinakana.

"Mwana wanga, uzani setilaiti yanu ibwerere m'mbuyo. Ndikufuna Lachiwiri m'mawa, kutsogolo kwa Benga. Bwato la munthu mmodzi, malaya ofiira."

Anatembenuzira kompyuta ija kwa ine. Ndinaona mabala oyera ndi akuda, pakati pake kamzere.

"Iyi ndi nyanja, agogo."

Nyanja yonse, imene ndapalasa moyo wanga wonse osaimaliza, inali yaifupi kuposa chala changa.

"Ikuzeni."

Anaikuza mpaka inasanduka timabokosi. "Kabokosi kamodzi aka ndi malo aakulu kuposa mudzi wanu wonse. Bwato silingaoneke, agogo. Pepani."

"Ndiye itsitseni pang'ono iyandikire!"

"Si yathu, ife timangolandira zithunzi. Komanso itatsika singaimenso pamodzimodzi, ingamangodutsa."

"Nanga tsiku lija inaona chiyani? Inangoima apo ngati chitsa?"

Anadina kenakake, mabala oyera aja n'kuyamba kuyenda kuchokera kummwera, kukwera ndi nyanja. "Inaona mitambo ikuthamanga chonchi. N'chifukwa chake tinalengeza pawailesi. Kapena kwanuko uthenga sunafike?"

Mayiyo sankadziwa kanthu, ankangofunsa. Ndinaika chala pagalasi pamene anati ndi kwathu. Nsonga ya chala changa inaphimba doko, mudzi, minda ya mpunga ndi madzi onse omwe munali mwana wanga.

"Unafika," ndinatero.

"Mwati bwanji, agogo?"

Chibadwire palibe anandifunsapo funso limenelo. Apa m'pomwe ndinakhala pampando uja.

Nthochi ndinadula ndekha, ya kuseri kwa nyumba. Mlamu anafuna kutuma anthu, ndinakana. Msinkhu ndinayezera pathupi langa, poti ine ndi mwanayo tinali ofanana. Azimayi anaikulunga m'nsalu yoyera, nkhafi ija n'kuigoneka pambali pake. Mkazi wanga sanandinenepo mawu oipa, ngakhale amodzi, mpaka lero. Bwenzi zitandipepukirako akanandilalatira.

Kumanda mlamu anandipempha kuti ndithokoze anthu, akuti mawu anga safuna zokuzira. Ndinaimirira, pakamwa ndinatsegula ndithu. Anathokoza anthu ndi iyeyo.

Chimene sanandiuze munthu n'chakuti thunthu la nthochi limadontha madzi. Tisanafike n'komwe kumanda nsalu inali itanyowa, madzi ozizira akutsika paphewa langa kulowa m'jekete.

Masiku ano asodzi ena amandifunsabe, mwina pofuna kundisangalatsa. Ndimawauza kuti akamvere wailesi. Mwana wanga wamkazi uja akuti chinthu chija chikadali pomwe anachisiya, chikuyang'anabe. Nthawi zina masana, pakakhala palibe anthu padoko, ndimayang'ana kumwamba mpaka maso kuwawa. Sindiona kanthu, nachonso sichindiona.