Phula la bambo ake

Chaka chomwe tinayamba kuvota zipani zambiri chija, mwana wanga wachisamba anasema gitala yamagetsi pakhonde pathu ku Ndirande. Ntchito yake inali yokonza mawayilesi, ndiye zidutswa sizinkamusowa. Ankafuna akaimbe pa ukwati wa mlongo wake, poti bambo awo, amene akanaimba ng'oma, tinali titawaika m'manda dzinja lomwelo.

Thupi la gitalayo silinavute. Chinavuta ndi kanthu kokhala pansi pa nsambo, kamene kamamva kulira kwake n'kutumiza ku sipika. Iye ankati pikapu. Poyamba anakulunga waya wonenepa pa misomali, mawu n'kumatuluka ofooka ngati munthu wodwala malungo. Kenako anapeza kawaya kakopa koonda ngati tsitsi, n'kukulunga pa maginito a m'wayilesi yakufa. Apo mawu anabwera, eee, koma akangokweza pang'ono, chinthucho chinkalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Anzanga a pampopi ankandifunsa kuti, "Kodi mayi, mwayamba kupha nkhumba osatigawirako?"

Tsiku lina anakhala pansi pafupi nane ndikusankha nyemba.

"Amayi, kawayaka kakunjenjemera m'kati. Kakufunika kukanyika m'phula kuti kagwirane."

"Nanga makandulo atha m'magolosale?"

"Ndayesa. Akauma akumang'aluka. Likufunika losakaniza ndi la njuchi."

Anatero akuyang'ana pansi, ndipo ndinadziwa chimene ankapempha. M'sutikesi mwanga munali chibulumwa cha phula la njuchi chimene bambo ake ankamata pakati pa ng'oma kuti izilira mozama. Anachoka nalo ku Mulanje tili achinyamata. Ng'omayo inatengedwa ndi abale awo, jekete nalonso, ine n'kutsala ndi phulalo basi. Pamwamba pake panali podinda chala chawo chachikulu. Ndinkaika changa pamenepo ndikawasowa.

"Likasungunuka, chala chija chitha," ndinatero.

"Ndikudziwa, amayi. Basi tisiye, ndiimba motsitsa."

Motsitsa, pa ukwati wa mwana wawo womaliza? Bambo aja sankadziwa kuimba motsitsa, ndi kutchalitchi komwe ankachita kuwatsina.

Ndinalitulutsa ndekha, ndipo ndinakana kuti wina aliike pamoto. Ndinaliika m'chitini cha majarini, chitinicho m'madzi otentha pa mbaula, monga anandiuzira mwanayo. Chalacho chinayamba kusalala m'mbali, kenako chinapita. Nyumba yonse inanunkhira uchi ndi utsi wakale. Iye anamiza kanthu kake kaja, n'kukasiya momwemo mpaka tithovu titasiya kutuluka.

Pa ukwatipo anakweza mpaka pamapeto. Nkhumba ija sinalire. Mawu anatuluka onenepa, ofunda, ofika m'chifuwa. Mkwatibwi anatembenuka kundiyang'ana, ine n'kumanga chitenje bwinobwino, n'kulowa m'bwalo.