Mpweya wa ku Djibouti

Gashe Belachew anayamba kuphunzitsa pa koleji ya uinjiniya ya m'tauni mwathu tsitsi lili lakuda bii. Lero dazi lafika kunkhongo koma phunziro lawo ndi lomwe lija, lowerengera pa kompyuta mmene mpweya ndi madzi zimayendera m'mipope, m'nyumba ndi m'makina. Pabolodi sachedwapo. Wophunzira aliyense wa chaka chomaliza amamupatsa chinthu chenicheni, wina khola la nkhuku lotentha, wina ngalande yothirira anyezi, kuti achimange mu kompyuta n'kuona mmene mphepo kapena madzi aziyenderamo.

Anzawo amene anaphunzira nawo anapita kunja kalekale, ndipo amatumiza zithunzi atavala majekete a chisanu. Iwo anatsala ndi makompyuta okalamba amene amafuna masiku angapo kuti amalize kuwerengera kamodzi, magetsi akalola. Kunena zoona munthuyu anatopa, ndipo chimene chinawatopetsa kwambiri ndi nyimbo imodzi imene amayimba chaka ndi chaka.

"Pulogalamuyi anaipanga anthu a kugombe," amatero tsiku loyamba. "Ukaitsegula imaganiza kuti uli ku Djibouti, m'mphepete mwa nyanja. Kuno kumtunda mpweya ndi wopepuka. Sinthani nambala ya kulemera kwa mpweya musanakhudze china chilichonse."

Ana amagwedeza mitu, mawuwo n'kutulukira khutu linalo. Chimene iwo amakonda ndi zithunzi zofiira ndi zobiriwira zimene kompyuta imajambula pomaliza.

Chaka chino panali Lensa, mtsikana wa kufupi ndi Meki, wakhama kuposa onse. Ntchito yake inali shedi youmitsira tsabola ya kopaletivi ya kwawo, kuti apeze fani, chimkupizo cha magetsi, ya mphamvu yokwanira kukankha mpweya m'mathandala onse tsabola asanachite nkhungu. Gashe Belachew anamukhulupirira kwambiri moti sankamulondalonda. Anadzaona kuti nambala ya mpweya ija sanaisinthe sabata yomwe ophunzira amakaonekera kwa oyesa mayeso.

"Lensa, mpweya uwu ndi wa kuti?"

Mtsikanayo anayang'ana, n'kugwira pakamwa.

"Gashe, ndiye kuti fani yachepa?"

"Yachepa. Mathandala a pamwamba sadzauma."

"Ndikayambiranso sindimaliza chaka chino. Abambo agula kale nkhosa, tenti abwereka, azakhali a ku Shashemene anyamuka dzulo. Ndikawauza chiyani?"

Mnzawo wa mu ofesi, Dokita Tamirat, anali kumwa khofi akumvetsera. Lensa atatuluka anaseka.

"Achimwene, oyesawo ndi ine ndi Kassahun. Ife timaona mitundu basi, ndani angafunse za mpweya? Buku la ntchito yakeyi likangogona pashelefu ngati anzake onse, mbewa n'kumaphunzira uinjiniya. Musiyeni mwana avale gauni."

Gashe Belachew anadziwa kuti za shelefuzo n'zoona. M'zaka zonsezi sanaonepo chimene wophunzira anawerengera chikumangidwa. Mphamvu yokangana inawathera. Anasayina bukulo, atamulonjezetsa Lensa kuti phwando likatha adzabwera kudzawerengeranso.

Kuphwandoko anawaitana ngati mlendo wolemekezeka. Anakwera minibasi mpaka ku Meki, n'kumaliza ulendo pa ngolo ya kavalo. Anapeza tenti yodzaza, pansi atamwaza udzu wauwisi, amayi akululutira, Lensa ali pakati ndi gauni ndi kapu yake. Bambo ake, Obbo Dinsa, amene ndi wapampando wa kopaletivi, anawakhazika pafupi nawo. Anang'amba injera, buledi wathu wopyapyala uja, kukulungamo nyama yambiri, n'kuwadyetsa ndi dzanja lawo. Nthongo yotere sukana, ndipo ikakula ndiye kuti ulemu nawonso wakula.

Masaya a Gashe Belachew ali tutumu, Obbo Dinsa anaimirira n'kuwomba m'manja kuti anthu akhale chete.

"Abale anga, aphunzitsi ake a mwana wathu ndi awa. Ife sitinafune kuti nzeru zawo ziwolere m'buku. Titangomva kuti asayina, tinasonkhana a kopaletivi tonse n'kuitanitsa fani ku likulu, ku Addis, yofanana ndendende ndi imene Lensa analemba. Yafika Lachitatu. Tsabola wa chaka chino sitiyanikanso pansi, yense alowa m'shedi."

Nthungululu zinadzaza tenti. Mayi wina wokalamba anabwera kudzapsompsona phewa la Gashe Belachew. Iwo ankatafuna, nyamayo osatha. Anaganiza za tsabola wa mabanja onsewo ataunjikidwa m'mathandala, wa pamwamba akuyera nkhungu pang'onopang'ono, ndipo manyazi anawagwira kuposa tsiku lina lililonse pa ntchito yawo. Cholakwa cha mwana chinali chaching'ono. Dzina limene alimiwa analikhulupirira linali la mphunzitsi.

Anakweza maso. Lensa anali kuwayang'ana kuchokera pampando wake wa maluwa, nkhope itagwa, akupukusa mutu pang'ono ngati wopempha kuti lero lokha lidutse. Obbo Dinsa anali atakulunga kale nthongo yachiwiri, poti imodzi siikwana.

Gashe Belachew anameza nyama ija, n'kugwira dzanja la bamboyo lisanafike pakamwa pawo. Amene anali pafupi analeka kutafuna.

"Obbo Dinsa, pepani. Faniyo musaitulutse m'bokosi. Tiyeni panja pang'ono ndikufotokozereni, ndipo mukakwiya mukwiyire ine."

Anadzuka, mawondo akulira, n'kutsogola kudutsa pakati pa alendo. Kumbuyo anamva mpando wina ukukhwekhwerezeka. Lensa anali atavula kapu yake, akuwatsatira.