Mabuleki a boti

Ndiulule lero, poti tsitsi latha kale ndipo palibenso choti manyazi angandimete: ine ndinkakhulupirira kuti boti lili ndi mabuleki. Musaseke msanga. Munthu amene watsika mitunda ya ku Bembeke pa njinga zaka makumi atatu, matumba a mbatatesi ali pakaliyala, amadziwa chinthu chimodzi basi, kuti chilichonse chothamanga ukachifinya ndi zala chimaima.

Kalabu yathu ya alimi inaika nsomba m'damu lothirira madimba. Zitakula, alangizi a nsomba, mayi wachitsikana wosaseka zachibwana, anakonza mpikisano wowedza. Anabwereka boti laling'ono la injini, tizilowa awiriawiri, ola limodzi. Wogwira nsomba yaikulu atenga mbuzi. Malamulo anali awiri: boti liziyenda ngati munthu wopita kumaliro, ndipo aliyense avale jekete yoyandamitsa.

Mnzanga anali alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, munthu wofatsa, wonenepa, wa zala zouma ndi nyamakazi. Madzi amene amawadziwa ndi a m'beseni. Mkazi wanga anawaveka yekha jekete ija, nakoka zingwe, namanga.

“Bambo, awa satha kusambira. Muwabweze mmene mwawatengeramu,” anandiuza.

“Mayi, ine ndi dalaivala wakale,” ndinatero.

Alangizi anandionetsa kapotokoledwe ka chogwirira cha injini. Ananenanso zina zokhudza kuima, koma ine maso anali pa mbuzi.

Titangochoka pagombe ndinavula jekete yanga n'kuikhalira. Kenaka ndinayang'ana alamu, atatupa ngati dzungu la pachulu.

“Alamu, anthu kumtundaku akufunsana ngati ndanyamula munthu kapena thumba la kabichi.”

“Asiyeni afunsane, alamu.”

“Mwamuna wamkulu, wapampando wa Mphakati wa kutchalitchi, kumangidwa ndi mlongo wake ngati khanda la kumbuyo? Bweretsani kuno.”

Anaseka mwamanyazi, nanditembenuzira mimba. Zala zawo sizikanatha, ndiye mfundo zija ndinamasula ndine. Zinali ziwiri, zolimba, ndinachita kuluma ndi mano.

Amene anatitsogolera anali atagwira nsomba yabwino ku mabango a tsidya lina. Ndinaona kuti ulendo wa kumaliro utidyera ola lonse. Ndinapotokola. Boti linadzutsa mphuno, mphepo ya mu Juni n'kundimenya m'makutu, ndipo ndisaname, zinakoma. Kumtunda alangizi ankakupiza nsalu. Ine ndinawabayibitsa.

“Alamu, chepetsani!”

“Gwirani chipewa, mbuzi ikutidikira!”

Chitsa ndinachiona bwinobwino, chakuda, chitatulutsa mutu pamadzi. Nthawi inalipo. Ndinafinya chogwirira ndi zala zonse monga ndimachitira pa njinga. Ndinafinyanso. Mapazi anafunafuna pansi poti akwekwerezeke. Boti silinamve chilichonse.

Phokoso la boti pogunda chitsacho silinali lalikulu. Ndinagwa chagada m'boti, injini n'kuzima, ndipo podzuka ndinapeza kutsogolo kuli jekete yokha.

Alamu anatulukira kamodzi, kukamwa kuli yasa, osakuwa. Diso lawo linali pa ine. Anamiranso. Ndinaponya jekete ija, mphepo n'kuikankhira kwina. Ine amene ndinawavula sindinalumphe, chifukwa nanenso kusambira sinditha, ndipo zimenezo ndinali ndisanauze munthu.

Anawapulumutsa ndi mayi wina amene ankathirira anyezi pafupi ndi mabangowo. Analowa m'madzi mpaka m'khosi atagwira nsungwi yaitali, nawakola malaya, nawakoka ngati chipika. Alamu anasanza madzi obiriwira, akunjenjemera, milomo itachita mbuu.

Alangizi anafika akuthamanga. “Jekete inavuka bwanji?”

Alamu anatsokomola, nati, “Ndinavula ndekha, mayi. Imandithina. Ndiye ndinaimirira m'boti.”

Anthu anayamba kuwanena. Wina anati ukulu wopanda nzeru, wina anati mpando wa Mphakati awalande. Mpikisano unathera pomwepo. Ine, wa pakamwa posatseka, amene ndimalankhula ngakhale pa ulaliki, ndinangoima ndi kuwafunditsa jekete yanga ya suti, ngati munthu wachifundo. Mpaka ena anandiyamikira.

Alamu tinawaperekeza kwawo, tinawakolezera moto. Pobwerera mkazi wanga anali patsogolo, osatembenuka njira yonse. Kunyumba ndinayesa kanthabwala ka mbuzi imene yapulumuka, sikanapite patali. Anandiikira madzi osamba, anakhala pa mpando, nayang'ana manja anga nthawi yaitali.

“Zingwe zija ndinamanga ndine, mfundo ziwiri,” anatero. “Achimwene batani la malaya limawakanika. Mawa mukadzuka mupite kwa alangizi, mudzere kwa a Mphakati, mukanene amene anamasula. Mukatero mudzabwere mudzamwe tiyi.”