Sabata Imene Ndinabisa Cholakwa cha Madala

Amene anandiphunzitsa ntchito imeneyi anali bambo wina wa ku Rumphi, yemwe anagwira za makompyuta ku Capital Hill mpaka kupuma. Tinkangowatchula kuti Madala. Loweruka lililonse masana ndinkatseka kashopu kanga ka mafoni ku Old Town, kukwera minibasi mpaka ku City Centre, kwinako wapansi kukafika kwawo ku Area 11. Tinkakhala pakhonde, malaputopu pamiyendo, akazi awo akutipatsa mtedza wokazinga uku akutiseka kuti tikucheza ndi anthu osaoneka.

Tinkathandiza nawo kusamalira khodi, malangizo a kompyuta, yobisa mauthenga, ija imachititsa kuti zimene mwatumiza pafoni asaziwerenge wina aliyense. Khodiyo inalibe mwini mmodzi. Aliyense padziko ankatha kuiona, ndipo munthu akasintha kanthu, mnzake ankayenera kuunika kaye n'kulemba poyera ngati wapezapo vuto.

Tsiku lina Madala analemba chigawo chofanizira mawu achinsinsi, ndipo kuunika kunagwera ine. Ndinaona kuti chigawocho chikangopeza chilembo cholakwika chinkalekera pomwepo, osafika kumapeto. Wakuba wodekha akanatha kumayesa nthawi imene kompyuta yatenga kuti imukanize, n'kumatola chinsinsicho chilembo chimodzichimodzi.

Komatu ine ndinakulira kumudzi, cha ku Mitundu, kumene mwana sauza wamkulu pagulu kuti walakwa. Ndiwayalutse pamaso pa dziko lonse, munthu amene anandigwira dzanja, mkulu wa mpingo? Ndinangokhala duu sabata yathunthu, osavomereza, osakana. Loweruka ndinapita nditanyamula phava la nthochi, n'kuyamba kuzungulira: za mvula, za magetsi, za fumbi la ku Old Town.

“Iwe, wabwera ndi nkhani,” anatero Madala. “Nthochizi sizinabwere zokha.”

Ndinawalozera ndi chala mzere wolakwikawo pa laputopu, n'kunong'ona kuti mwina angokonza mwakachetechete anthu asanaone.

Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, magalasi ali pamphuno. “Unaona liti zimenezi?”

“Lolemba, Madala.”

“Lolemba! Nanga wina akanatopa kudikira, n'kuvomereza m'malo mwako? Anthu aberedwe chifukwa iwe ukulemekeza imvi zanga?” Anali asanandikalipirepo chotero. Anandikankhira laputopu yanga. “Lemba pompano, poyera. Obwera m'mbuyo mwathu adzadziwe chifukwa chimene mzerewu unasinthira.”

Ndinalemba ndime yathunthu yodzaza ndi mapepani, vuto lenilenilo lili kumapeto ngati mlendo wamanyazi. Iwo anayankha ali pambali panga pomwepo, mzere umodzi wokha: ndinalakwitsa, zikomo. Anakonza, ine n'kuvomereza, kenako anapempha akazi awo kuti atiikire tiyi. Nthochi zija anadya zitatu.

Madala tinakawaika ku Rumphi zaka zingapo zapitazo. Nyumba ija ili ndi eni ake ena tsopano, ndipo anamanga mpanda wautali moti khonde lija silionekanso. Ndimawasowa kwambiri, makamaka Loweruka masana.

Mwezi watha kunapezeka njira yatsopano yolimba kuposa yakale, ndipo tinagwirizana zochotsa chigawo chija chifukwa chafooka. Ntchito yofufuta inagwera ine. Ndisanayambe ndinatsegula mbiri yake. Ndime yanga ya mapepani ikadali pomwepo, aliyense akuiona, pansi pake pali kamzere kawo kaja. Mtima unandiwawa, pakuti m'khodi monsemo chigawocho n'chokhacho chimene chinatsala cholembedwa ndi manja awo. Ndinaganiza zochisiya kaye sabata imodzi, palibe akanandifunsa.

Koma m'maganizo ndinawaona pakhonde paja, magalasi ali pamphuno, akundifunsa kuti ndinaona liti. Ndinafufuta tsiku lomwelo, ndipo linali Lolemba.